N'chifukwa chiyani ndewu za osewera wrestling zimazizira akalowa m'filimu?

Wongoyamba_Kumene analemba:

Akuluakulu onse a pano, ndabwera ndi funso limene landizunguza mutu kwa masabata angapo. Ndakhala ndikuonera masewera a wrestling kuyambira ndili wamng'ono, ndipo posachedwapa ndinaganiza zoonera motsatizana mafilimu omenyana amene osewerawa amajambula ndi ndalama zochepa. Ndinayamba ndi The Marine ya 2006 momwe muli John Cena, ndinapitiriza ndi The Condemned ya 2007 ya Steve Austin, kenako 12 Rounds 2 ya Randy Orton ndi The Marine 3 ya The Miz, zonse ziwiri za 2013.

Kuperewera kwa nkhani za m'mafilimuwa sikunandidabwitse, chifukwa ndinkadziwa kale kuti sindikukapezako zakuya. Chimene chandidabwitsa n'chakuti ndewu zenizenizo, zomwe ndinkati ndiyo ntchito imene anthuwa amaidziwa kuposa wina aliyense, n'zozizira kwambiri poyerekeza ndi zimene amachita m'bwalo. Munthu amene amatha kudzutsa chikhamu chonse pamipando ndi kugwa kumodzi kokha, akafika m'filimu amangooneka ngati chimphona wamba chimene apatsa mfuti kuti chizithamanga nayo. Kodi vuto lili mwa osewerawo kapena mwa opanga mafilimuwo? Ndipo kodi ilipo filimu ya mtundu umenewu imene inagwiritsadi ntchito luso lawo?

Mkulu_wa_Makaseti anayankha:

Achimwene, yankho la funso lanu liyambire pa ndalama, pakuti mafilimu amenewa amabadwira m'buku la malonda asanafike pa kamera. Kampani ya masewera a wrestling ya WWE inatsegula nthambi yake yopanga mafilimu mu 2002, itaona mmene wosewera wake Dwayne Johnson anakokera anthu mu The Mummy Returns ya 2001 ndi The Scorpion King ya 2002. Poyamba inkafuna kuti mafilimu ake azionetsedwa m'maholo akuluakulu a kanema, ndipo n'chifukwa chake See No Evil ya Kane, The Marine ndi The Condemned zinatuluka motsatana m'zaka za 2006 ndi 2007. The Condemned sinabweze ndalama m'maholo, ndipo m'kupita kwa nthawi kampaniyo inazindikira kuti phindu lodalirika linali pa ma DVD. Taonani mmene The Marine inayendera: yachiwiri ya 2009 anaikamo Ted DiBiase Jr., ndipo kuyambira yachitatu mpaka yachisanu ndi chimodzi ya 2018 anali The Miz. Pa mafilimu 6 amenewa, yoyamba yokha ndi imene inatulutsidwa mokwanira m'maholo.

Pa malonda a mtundu umenewu chimene chimagulitsa filimu ndi nkhope imene ili pachikuto. Wogula ku America amazindikira nkhopeyo chifukwa amaiona pa wailesi ya kanema sabata iliyonse, ndipo ogula a m'mayiko ena amalipira ufulu woonetsa filimuyo potengera dzina lomwelo, nthawi zina filimuyo isanamalizidwe n'komwe. Nkhope ikangopezeka, zina zonse amazichepetsa. Amajambula kumene boma limabweza gawo la misonkho kwa opanga mafilimu, ndipo n'chifukwa chake nkhalango za ku British Columbia, m'dziko la Canada, zimaoneka mobwerezabwereza m'mafilimu a Steve Austin ndi a The Miz. Nkhani yonse amaiika pamalo amodzi, kaya ndi m'ndende, m'nyumba yosungiramo katundu kapena pamalo oimikapo magalimoto, kuti asamawononge tsiku posamutsa magetsi ndi makamera.

Tsono ndewu yabwino ya m'filimu imadya masiku, ndipo masiku ndiwo chinthu chodula kwambiri pojambula. Wopanga filimu amene ali ndi masabata ochepa sangapereke masiku anayi kwa ndewu imodzi. Amayatsa makamera awiri kapena atatu, amawagwedeza, ndipo wolumikiza zithunzi amadula zonse m'tizidutswa kuti zolakwika zisaoneke. Mfuti nazo n'zotsika mtengo kuposa zibakera, chifukwa munthu wobisala kuseri kwa bokosi n'kumawombera safuna kukonzekera kwa sabata yathunthu.

Pali chinanso chimene tisaiwale. Steve Austin anavulala khosi mu 1997 ndipo anasiya kumenya m'bwalo mu 2003, zaka zingapo asanayambe Damage, Hunt to Kill ndi Maximum Conviction, imene anasewera ndi Steven Seagal. Amene tinkamuona m'mafilimuwo anali munthu wa khosi ndi mawondo otopa kale.

Nakanema anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Mkulu_wa_Makaseti pa nkhani ya ndalama, koma ndikuona kuti ngakhale ndalama zitakhalapo, pali kusiyana kwa luso kumene kungavutitsebe. Wosewera wrestling amaphunzira kusewerera munthu amene wakhala kumpando wakumapeto kwenikweni kwa holo. Akamenyedwa amatambasula manja, amatsegula pakamwa, amagudubuzika, ndipo akamaponya chibakera ena amaponda pansi mwamphamvu kuti phokoso limveke. Kamera ya filimu ili pafupi ndi mphuno yake, ndipo zimene zinali zoyenera m'holo zimasanduka zokokomeza zikafika pagalasi. Opanga mafilimu ambiri akaona zimenezi amamuuza kuti achepetse zonse, ndipo poyesa kuchepetsa amafika pouma nkhope ngati chosema. Ndikuganiza kuti n'zimene zinachitikira John Cena mu The Marine. Munthu yemweyo atapatsidwa mpata woseketsa anthu mu Trainwreck ya 2015, zinaoneka kuti luso analinalo kuyambira kale.

Chachiwiri, luso lalikulu la wosewera wrestling ndi kulandira nkhonya, kuposa kuiponya. Iye amadziwa kugwa chagada osavulala, amadziwa kuonetsa ululu mpaka woonera n'kumva chisoni, ndiponso amadziwa nthawi yoyenera kudzuka pang'onopang'ono kuti chikhamu chiyambe kumuchemerera. Filimu yotsika mtengo imamupatsa udindo wa ekita wosagonjetseka, amene sagwa, satopa, ndipo samva kuwawa. Apa ndiye kuti amulanda chida chake chenicheni n'kumusiyira minofu yokha.

Popeza mwafunsa ngati ilipo filimu imene inachita bwino, pezani They Live ya 1988. John Carpenter, amene anapanga filimuyo, anakumana ndi wosewera wrestling Roddy Piper pa mpikisano waukulu wa WrestleMania III mu 1987, ndipo anamupatsa udindo wa munthu wosowa pokhala amene wapeza magalasi adzuwa oonetsa kuti ena mwa olamulira dziko si anthu. Filimuyo inajambulidwa ndi madola pafupifupi 3 miliyoni okha. M'katikati mwake muli ndewu ya Piper ndi Keith David m'kanjira kakuseri kwa nyumba, ndipo imatenga mphindi zoposa 5 pa chifukwa chimodzi chokha: wina akukakamiza mnzake kuvala magalasiwo, winayo akukana.

Ioneni mwachifatse ndewu imeneyo. Kamera imaima patali ndithu moti matupi onse awiri amaoneka kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo sithamangira kudula. Amuna awiriwo amagwa, amapuma movutikira, wina amaoneka ngati wagonja n'kuyamba kuchoka, kenako ndewu imayambiranso. Pena Piper amaphwanya galasi la galimoto ndi thabwa, n'kupepesa chifukwa wazindikira kuti wapitirira muyezo, ndipo mnzakeyo akaphwanya botolo kuti amubaye nalo n'kupeza kuti latsala kachidutswa kopanda ntchito, Piper amalephera kudzigwira, amaseka. Pena amanyamulana n'kumenyetsana pansi monga amachitira m'bwalo. Pofika kumapeto nkhope zawo zimakhala zotupa ndipo akuyenda motsimphina. Kayendedwe kake ndi ka masewera a wrestling enieni, ndipo kanatheka chifukwa anthu awiriwo pamodzi ndi Jeff Imada, amene anakonza ndewuyo, anaikonzekera kwa masabata. Ndalama zinali zochepa monga mmene zilili m'mafilimu amene mwatchula, koma nthawi yochepa imene anali nayo anaiika pamalo oyenera.

Chigoba_Chasiliva anayankha:

Mayi Nakanema afotokoza bwino, koma zokambirana zathu zakhazikika pa America pokha, pamene dziko limene linapanga mafilimu ochuluka a mtundu umenewu kalekale ndi Mexico. El Santo, amene dzina lake lenileni linali Rodolfo Guzmán Huerta, anasewera m'mafilimu oposa 50 kuyambira mu 1958, ndipo anzake monga Blue Demon ndi Mil Máscaras anatsatira njira yomweyo. Ndalama zinali zochepa zedi, moti mileme yapulasitiki ndi zingwe zoikokera nthawi zina zimaonekera poyera.

Opanga mafilimu a ku Mexico nthawi zambiri sankayesa kusandutsa wosewerayo kukhala msilikali kapena wapolisi. Santo amakhala Santo yemweyo, wovala chigoba chake chasiliva poyendetsa galimoto, pokambirana ndi apolisi ngakhale pokhala patebulo atavala suti. Mu filimu ya 1962 yotchedwa Santo contra las mujeres vampiro, amalimbana ndi mizukwa yoyamwa magazi, koma nkhani imaima kaye kuti oonera aone masewera a m'bwalo kwa nthawi yaitali, kamera ili phee pambali pa zingwe. Woonera wa masiku ano angadandaule kuti nkhani ikuchedwa, koma anthu amene ankalipira pakhomo ankabwerera zimenezo. Santo anasunga chigobacho pafupifupi moyo wake wonse wa ntchito, ndipo atamwalira mu 1984 anaikidwa m'manda atachivala.

Ku America amene anayesa zofanana ndi zimenezi ndi No Holds Barred ya 1989, momwe Hulk Hogan anasewera ngati katswiri wa wrestling, ndipo mdani wake wa m'filimu, Zeus, anamutulutsa m'filimumo n'kumubweretsa m'bwalo lenileni chaka chomwecho. Filimuyo ndi yofooka, sindingainamizire, koma inkadziwa anthu amene inkawasewerera.

Mlonda_wa_Usiku anayankha:

Ine ndisiyana nanu pang'ono nonsenu, chifukwa mukuchita ngati osewerawo alibe mlandu uliwonse. Ambiri mwa iwo amalowa m'filimu ali pa mgwirizano ndi kampani ya masewera, amajambula m'masabata ochepa opuma, ndipo amabwerera m'bwalo osaphunzirako chilichonse cha ntchito ya kutsogolo kwa kamera. Amene anaitenga ngati ntchito yofunika kuiphunzira kuyambira pansi anasintha. Dave Bautista anayamba ndi mafilimu omwewa, Wrong Side of Town ya 2010, momwe munalinso Rob Van Dam, ndi House of the Rising Sun ya 2011, ndipo palibe amene akanalosera zabwino ataona zimenezo. Iye anasiya WWE mu 2010, anafunafuna aphunzitsi, ndipo analolera kutenga maudindo aang'ono. Mu Blade Runner 2049 ya 2017 amaoneka kwa mphindi zochepa chabe kumayambiriro, ngati mlimi wachete wovala timagalasi tating'ono, ndipo mmene amavulira timagalasito asanayambe kumenyana zimanena zambiri kuposa mafilimu ake oyamba onse pamodzi.

Ndiwonjezerenso kuti osewerawa amakoma kwambiri akakhala kuti si iwo onyamula filimu yonse. Jesse Ventura mu Predator ya 1987 anali mmodzi chabe wa gulu la asilikali, ndipo anthu amamukumbukirabe, pamene Abraxas, imene anatsogolera yekha zaka zochepa pambuyo pake, inaiwalika. Nathan Jones wa ku Australia analimbana ndi Tony Jaa mu Tom-Yum-Goong ya 2005, ndipo ndewuyo imagwira mtima chifukwa iye ndi khoma limene munthu wamng'ono akuyenera kuligwetsa. Steve Austin yemweyo anali woopsa kwambiri ngati mdani mu The Expendables ya 2010 kuposa mmene analili ngati ekita m'mafilimu ake a pa DVD. Vuto n'lakuti kampani imene ikugulitsa zovala ndi zidole za wosewerayo sikonda kumuona akugonja kapena akufa pakati pa filimu.

Komabe sindikufuna kumveka ngati ndimadana nawo mafilimu amenewa. Ndinaonera The Marine yonse mpaka yachisanu ndi chimodzi, ndipo The Marine 5 ya 2017, imene nkhani yake yambiri imachitikira pamalo oimikapo magalimoto, ndi yolukidwa bwino kuposa mmene ndinkaganizira.

Wongoyamba_Kumene anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi Nakanema, They Live ndaipeza ndipo ndewuyo ndaibwereza katatu usiku wathawu. Nditatero ndinabwerera ku The Condemned kuti ndiyerekeze, ndipo ndinayesa kuwerenga kuti kamera ikudula kangati pa ndewu imodzi ya Austin, koma ndinasokonezeka mphindi imodzi isanathe. A Chigoba_Chasiliva, ngati mafilimu a Santo alipo okhala ndi mawu omasulira pansi, mundiuze woyenera kuyamba nawo, kaya ndi wa mizukwa uja wa 1962 kapena wina amene muli Blue Demon.