Galimoto yoyendera masiku onse koma yoti izikokanso ngolo: ndigule yotani?

Chimwemwe_K

Moni nonse. Ndikufuna galimoto yogwirapo kale ntchito, yosaboola m'thumba, yopitira kuntchito ndi kutengera ana, koma kumapeto a sabata izikoka ngolo. Ngoloyo ndi ya ekiselo imodzi, yopanda mabuleki, ikakhala yopanda kanthu imalemera makilogalamu pafupifupi 250. Imanyamula simenti, matabwa, nthawi zina mchenga. M'tsogolo muno ndidzafuna ina ya mabuleki, ya tani imodzi ndi theka. Ena akuti ndingogula pikapu ya double cab, koma ndikuiopa pa mafuta. Nanga galimoto wamba ya automatic ingathe?

Sipanala 17

A Chimwemwe, musayambire pa galimoto, yambirani pa sikelo. M'mayiko ambiri ngolo yopanda mabuleki siloledwa kupitirira makilogalamu 750 pamodzi ndi katundu wake, ndipo galimoto zing'onozing'ono zambiri malire ake amathera pa 500 kapena 600. Yanuyo yadya kale 250, ndiye mwatsala ndi 500, omwe ndi matumba 10 a simenti a makilogalamu 50 lililonse. Mchenga ndiwo umapusitsa anthu. Kiyubiki mita imodzi ya mchenga wouma imalemera pafupifupi tani imodzi ndi theka, wonyowa kuposa pamenepo. Ngolo imaoneka ngati sinafike ndi theka lomwe, malire mutadutsa kalekale.

Mukapita kukaona galimoto, tsegulani chitseko cha kutsogolo kapena boneti, mupeze kachitsulo kapena sitika yolembedwa nambala ya chasisi. Pa galimoto zopangidwira msika wa ku Ulaya pamakhala manambala anayi otsatizana. Yoyamba ndi kulemera konse kwa galimotoyo ikadzaza anthu ndi katundu. Yachiwiri ndi galimoto ndi ngolo pamodzi. Ziwiri zotsalazo ndi za ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo. Chotsani yoyamba pa yachiwiri, mupeza chithunzithunzi cha kulemera kwa ngolo ya mabuleki yomwe ingakoke. Zopangidwira msika wa ku Japan kawirikawiri manambalawa sizilemba, choncho fufuzani m'kabuku ka galimoto ya chaka chomwecho, injini yomweyo ndi giyabokosi yomweyo. Mawu a wogulitsa akuti "imakoka bwinobwino" si nambala.

Pali nambala ina yomwe ambiri saidziwa, ya kulemera komwe mphuno ya ngolo imatsamira pa mpira wa towbar, chitsulo chokokera ngolo chakumbuyo kwa galimoto. Galimoto wamba zambiri zimalola makilogalamu 60 mpaka 100, ndipo kulemera kumeneku kumawerengedwa ngati katundu wa m'galimoto. Tiyerekeze kuti galimoto imalemera 1,500 yopanda kanthu, malire ake 2,000. Muli ndi 500. Akuluakulu anayi adya 300, mphuno ya ngolo 75, mwatsala ndi 125 wa m'buti basi.

Mayi Dizilo

Zoona zimenezo. Ine ndiyankhe za automatic, chifukwa dzinalo ndi limodzi koma m'katimo ndi zosiyana.

Automatic yakale ija, ya torque converter, imakoka bwino ndipo ponyamuka pa chitunda imaposa manual chifukwa palibe kilachi yoti ipse. Mdani wake ndi kutentha. Mukamakwera mtunda wautali ndi ngolo, oyilo wa m'giyabokosi amatentha, amada, kenako magiya amayamba kuterereka. Mankhwala ake ndi kuikitsa kakoziziritsa oyilo kapadera kutsogolo kwa rediyeta, n'kumasintha oyiloyo msanga kuposa mmene kabuku kanenera. Pogula, ngati ili ndi kandodo koyezera, katulutseni: oyilo wabwino amakhala woyera bwino, nthawi zambiri wofiirira, wakuda wonunkha mopserera, isiyeni galimotoyo.

Automatic ya mtundu wa CVT ilibe magiya enieni, imayendera lamba wachitsulo kapena tcheni pakati pa mapule awiri. Pa ngolo yanu yapanoyi ingathe ngati wopanga analola, koma pa tani ndi theka sindingailimbikitse, makamaka yakale yosadziwika mbiri ya oyilo wake. Chimodzimodzinso automatic yotchedwa DSG ya magiya 7 ya kilachi youma ya m'magalimoto ang'onoang'ono a Volkswagen: kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono ndi ngolo yolemera kumatenthetsa makilachi ake.

Giyabokosi imasinthiratu nambala pa galimoto imodzimodziyo. Honda CR-V ya dizilo ya 2.2, manual imakoka makilogalamu 2,000, automatic 1,500. Toyota RAV4 hybrid ya 2019 ya ku Ulaya, yoyendera matayala onse anayi imakoka 1,650, yoyendera akutsogolo okha 800. Toyota Prius zakale sizinaloledwe kukoka n'komwe. Ndiye kwa inu, SUV yapakatikati ngati CR-V, RAV4, Nissan X-Trail kapena Subaru Forester, ya manual kapena automatic yeniyeni, yololedwa 1,800 mpaka 2,000, ikukwanirani lero ndi mawa lomwe. Pa injini, dizilo ndiye mwini ntchitoyi, mphamvu yake yokokera imabwera injini isanakuwe.

Gogo Chasisi

Mayi, pa dizilopo ndikutsutsani pang'ono. Mwini funso akuti sabata yonse ndi ya kuntchito ndi kusukulu. Dizilo zambiri zatsopanoko zili ndi sefa ya mwaye mu ekizozi yotchedwa DPF, ndipo imadziyeretsa yokha pokhapokha galimoto ithamange mtunda wautali injini itatentha bwino. Maulendo afupiafupi amaitseka, getsi limayaka, mphamvu imatsika, nthawi zina dizilo amatsikira mu oyilo wa injini. Onjezerani ma injector, turbo ndi flywheel ya zigawo ziwiri, zonse zipangizo za injini zodula kukonza, mupeza kuti zomwe mwapulumutsa pa mafuta zathera kwa makaniko. Wokoka kawiri pa mwezi, petulo ya 2.0 kapena 2.5 imukwanira. Imamwa kwambiri ikamakoka, inde, koma masiku okokawo ndi ochepa.

Za pikapu, a Chimwemwe, ndikugwirizana nanu kuti sikofunika. Manambala ake amakopa: Ford Ranger ya 3.2, Isuzu D-Max ya 3.0 ndi Toyota Hilux ya 2.8 zilipo zolembedwa makilogalamu 3,500. Koma tawerengani. Pa Ranger ya 3.2, galimoto ndi ngolo pamodzi malire ndi 6,000. Chotsani 3,500, patsala 2,500, pomwe pikapuyo payokha imapitirira matani awiri. Zotsalazo sizikwana n'komwe anthu asanu ndi zikwama zawo. Pa ngolo ya tani ndi theka ilibe vuto ayi, koma mudzalipira matayala aakulu, mafuta ndi kugwedezeka kwa kumbuyo masiku onse chifukwa cha mphamvu yomwe simukuigwiritsa ntchito. Pikapu igulidwe ngati mumanyamulanso katundu kumbuyo kwake kapena mumadutsa m'misewu yoipa kwambiri.

Kwa wongoyamba kumene, ngolo yodzaza isapitirire 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto yopanda kanthu. Si lamulo la boma, ndi langizo chabe, koma limathandiza. Ngolo ya 1,500 ikufuna galimoto ya makilogalamu 1,765 kapena kuposerapo, ndiye SUV zopepuka sizifikapo. Muzidzaza ngoloyo mochepera pang'ono. Onaninso kuti laisensi yanu ikulola kulemera kotani, chifukwa dziko lililonse lili ndi malire ake.

Chimwemwe_K

Zikomo akuluakulu. Ndiye towbar yomwe ndingaipeze kale pa galimoto ndingaikhulupirire? Nanga ngolo ikamavina kumbuyo pa liwiro, vuto ndi galimoto kapena ngolo?

Sipanala 17

Towbar yoyenera imakhala ndi kachitsulo kake kolembedwa malire, ndipo imamangidwa ndi mabawuti pa malo omwe wopanga galimoto anakonzeratu. Yowotcherera pa bampala kapena pansi pa buti musaikhulupirire. Gonani pansi muone dzimbiri ndi ming'alu pozungulira mabawutiwo. Pakati pa nambala ya towbar ndi ya galimoto, tsatirani yochepayo. Mpira ukhale wa mamilimita 50 ngati pakamwa pa ngolo ndi pa 50. Wa ku America wa mainchesi awiri ndi mamilimita 50.8, musasakanize. Galimoto yokhala ndi towbar yakutha mpira ndiye kuti inakokapo kwambiri: ngati ndi manual, yesani kilachi poponda mafuta mu giya yapamwamba pa chitunda, injini ikakuwa liwiro osakwera, yatha. Onaninso ngati kumbuyo kwakhala pansi komanso ngati mashoko akudontha.

Mawaya a magetsi a ngolo, pa galimoto zatsopano musangolumikiza ku mawaya a nyali zakumbuyo. Kompyuta yake imaona ngati pali vuto n'kuzimitsa nyali kapena kuyatsa machenjezo. Pamafunika kabokosi kake, ndi soketi ya mapini 7 kapena 13 yofanana ndi ya ngolo.

Kuvinako nthawi zambiri ndi kapakiridwe. Katundu akachuluka kumbuyo kwa ekiselo, mphuno imapepuka ndipo ngolo imayamba kuponya mchira. Ikani pafupifupi 60 peresenti ya katundu kutsogolo kwa ekiselo, wolemera pansi, mum'mange asasunthe. Mphuno itsamire ndi 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kwa ngolo yonse, osapitirira malire a towbar: pa ngolo ya 750, makilogalamu 50 mpaka 70 ali bwino. Kuyeza kwake n'kosavuta. Ikani sikelo yoyezera anthu pamalo osalala, imikani thabwa pakati pa sikeloyo ndi pakamwa pa ngolo, kutalika kwake kufanane ndi pomwe mpira umakhala, muwerenge. Matayala ofooka mpweya ndi mabeyaring'i akutha amavinitsanso. Matayala akumbuyo a galimoto apopeni pa nambala ya katundu wodzaza yolembedwa pa chitseko. Ikayamba kuvina muli pamsewu, chotsani phazi pa mafuta, gwirani chiwongolero mowongoka, musaponde buleki mwamphamvu kapena kuithamangitsa. Potsika mtsetse wautali lowani giya yotsika musanayambe kutsika, chifukwa ngolo yopanda mabuleki imakankha, ndipo mapadi a galimoto akatentha amasiya kugwira.