Tithandizeni nzeru: tikufuna kumagula chimanga kwa alimi eni ake, koma tinagwapo kale

Muli bwanji amayi ndi abambo a pagulu pano? Ndine mayi wa ku Mtendere mu Lusaka, ndabwera ndi nkhani imene ikundisowetsa tulo.

Tilipo azimayi 14 pa chilimba chathu. Chiyambireni chilala cha 2024, chija a Pulezidenti Hichilema analengeza mu February kuti ndi ngozi ya dziko lonse, ambiri a ife thumba la unga la 25kg linatikanika, tinayamba kudalira pamela, timapaketi ting'onoting'ono ta unga ta pa kantemba. Wogula pamela amadziwa yekha, ndalama imatha ngati madzi a mu ndowa yobooka. Ndiye tinapangana kuti chilimba cha miyezi iwiri chisapite kwa munthu, tigule chimanga pamodzi kwa alimi a ku Chongwe, tizikagayitsa tokha kuchigayo. Gaga adye nkhuku, manyowa a nkhuku apite ku timabedi ta repu ndi chibwabwa kuseri kwa nyumba. Mlimi naye apeze mtengo wabwinoko kuposa umene amapatsidwa ndi ogula a pakati.

Ulendo woyamba tinagula matumba 20 mu May, tinaunjika m'chipinda changa pasimenti. Mu August nditapisa dzanja m'thumba la pansi, munali motentha, chimanga chitagwirana, fungo la chuku lokhalokha. Matumba a pamwamba anankafumbwe anali atalowa kale. Tinataya matumba 6. Mayi wina wamasiye, amene ndalama yake anaipeza pochapira anthu zovala, sanandikalipire ayi. Anangoyang'ana matumbawo n'kutuluka. Mpaka lero zimandiwawa.

Chaka chino anayi akuti basi, aliyense azionera yekha. Ine sindikufuna tisiye. Alimi aja nawo akupempha kuti tiziwapatsa theka la ndalama mu November agulire feteleza, poti si onse amalandira za FISP, pulogalamu ya boma ya feteleza ndi mbewu zotsika mtengo. Kodi tingadziwe bwanji kuti chimanga chauma, tisunge motani, ndipo ndalama ya patsogoloyi tipereke kapena ayi?

MAYANKHO

Bambo wa ku Chongwe: Amayi pepani, koma May munafulumira. A FRA, bungwe la boma logula ndi kusunga chakudya, salandira chimanga chinyontho chisanatsike kufika pa 12.5 peresenti, n'chifukwa chake amadikira. Inunso dikirani July. Makina oyezera mulibe, ndiye tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga ndi mchere wouma, tsekani, khutchumulani, dikirani pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chiyanikeninso. Chouma bwino ukachiluma chimalira kuti khe.

Mayi wa ku Matero: Pasimenti ayi ndithu! Ikani mapaleti kapena mitengo pansi, matumba asakhudzenso khoma. Ife tinagula matumba a PICS, aja okhala ndi mapulasitiki awiri mkati. Ukamanga bwino mpweya sulowa, anankafumbwe amafera momwemo popanda mankhwala. Koma makoswe akaboola, ntchito yonse yagwa, muziyendera.

Mnyamata wa ku Kalingalinga: Amayi, ndikhulupirira chowolacho simunapatse nkhuku. Chuku chimabweretsa aflatoxin, poizoni amene satha ngakhale muphike nsima. Mukumbukira 2024 boma linachenjeza agalu atafa ndi chakudya cha chimanga choipa.

Mwini funso: Ayi mwanawanga, tinakwirira. Ngakhale ena anadandaula kuti tikanawapatsa aphikire kachasu.

Agogo a ku Chilenje: Za ndalama ya November ine ndikuti musayerekeze kupereka theka. Mvula ikakana ngati chaka chija, mlimi sadzakhala ndi chimanga, ndalama yanunso idzakhala itapita, ndipo mudzadana ndi munthu wosalakwa. Perekani pang'ono zoti zikatayika simulira, mulembe papepala pamaso pa a nyakwawa a mudziwo. Ndiponso mwana wanga, bwanji chimanga chokhachokha? Kwathu ku Katete tinkasunga nyemba, nshawa, kandolo wouma ndi mfutso. Izi zimapirira, ndipo ndiwo ndi zimene zimadya ndalama tsiku ndi tsiku mu Lusaka muno.

Mayi wa ku Bauleni: Lembetsani gulu lanu likhale koparetivu, mukatero mutha kufunsira thandizo la CDF, ndalama za boma za chitukuko cha dera la phungu, kudzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu. Alimi anuwo auzeni akafike ku sukulu ya ulimi ya Kasisi, kufupi ndi kwawo komweko, amaphunzitsa kulima ndi manyowa, mwina vuto la feteleza lingachepe. Chigayo muzigayitsa matumba awiri awiri, magetsi akakhalapo.

Mwini funso: Zikomo kwambiri nonse, agogo mawu anu ndawamva. Loweruka tikukumana, ndikawerenga zonsezi pamaso pa anzanga, ndipo ndikapempha kuti mayi wamasiye uja alandire thumba loyamba osalipira. Amayi a ku Matero, matumba a PICS aja mumagula pati, ndipo limodzi limatha nyengo zingati?