Kodi ma CDSS (masekondale oyendera a m'madera) a kuno ku Mangochi anayamba bwanji?

Mwana wa kwa Mponda:
Akuluakulu, ndithandizeni. Mng'ono wanga wasankhidwa kupita ku CDSS ina kunja kwa tauni, njira ya ku Monkey Bay. Amalume akuti kale sinali sekondale, inali MCDE (Malawi College of Distance Education, sukulu ya maphunziro a pakalata). Zinasintha liti? Ndikufuna mwanayu adziwe mbiri ya sukulu yake.

Mphunzitsi wopuma:
Amalume anuwo akunena zoona, achimwene. Pulayimale itakhala yaulere mu 1994, ana anachuluka zedi, malo ku sekondale n'kuchepa. Mu 1998 boma linasandutsa malo a MCDE aja kukhala ma CDSS. Aphunzitsi ambiri oyambirira tinachokera ku pulayimale.

Mayi wa ku Namwera:
Ine ndinaphunzira pa sukulu yotere. Njerwa za midadada yathu anaumba ndi makolo, amayi akutunga madzi, abambo akuwotcha uvuni. Asembule inkachitikira pansi pa mtengo wa mango, belu linali limu ya galimoto yopachikidwa pa nthambi. Mu Okutobala malata akatentha tinkatulutsa mabenchi panja. Labotale panalibe, komabe MSCE tinakhoza. Ndimainyadira sukulu imeneyo mpaka lero.

Wakabaza wa pa Boma:
Mumugulire njinga mwanayo, mtunda si wamasewera. Mukafunsenso ngati mjigo wa pasukulupo ukutulutsa madzi.