Yogati wa ku Iran (mast) akumalekana ndi madzi, ndikuphonya pati?

Mayi wa ku Makawa: Akuluakulu, ndikufuna ndizipanga mast wa malita 5 patsiku n'kumagulitsa m'malo ogona alendo kunyanja kuno. Akumatuluka wamadzimadzi, mwina n'kumanyata ngati therere. Kodi chambiko chingakhale mbewu yake, yothira mu mkaka kuti ugwire?

Bambo wa pa Boma: Chambiko ayi mayi. Tizilombo ta chambiko timagwira ntchito pa kutentha wamba kwa m'nyumba, pomwe ta mast, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus, timafuna madigiri 42 mpaka 45. Mbewu, imene eni ake amati maye, ikhale yogati wopanda shuga.

Tenthetsani mkaka kufika madigiri 85, ukhale pamenepo mphindi 20 mukutakasa kuti usapserere. Ambiri amadumpha apa, komatu kutenthaku n'kumene kumachititsa kuti yogati agwire madzi ake. Uziziritseni mpaka chala chotsuka bwino chizipirira mukawerenga kufika 10. Thirani masupuni aakulu 2 a mbewu pa lita, kapena 10 pa malita anu 5, mutayamba mwaisungunula m'kapu ya mkaka wofunda. Vindikirani, kutirani bulangeti, musaugwedeze kwa maola 6 mpaka 8. Kunyatako kumabwera mkaka ukazizira msanga kapena mbewu ikakalamba.

Chemwali wa ku Namwera: Maola 8 ndi a kwathu kuno kumtunda mu June. Kunyanjako mu October yang'anani pakatha maola 5, akapitirira amawawasa kwambiri n'kulekana ndi madzi. Akagwira, m'firiji usiku wonse musanatungemo. Mkaka waufa umathekanso: magalamu 130 mpaka 150 pa lita. Koma wa ng'ombe imene yangobayidwa mankhwala opha tizilombo sugwira ngakhale mutani.

Bambo wa pa Boma: Zoona chemwali. Ngakhale kuwawasako si kulephera ayi. Ku Iran kwawoko mast amakhala wowawasa ndithu. Wowawasa kwambiriyo musataye, pangani doogh: yogati ndi madzi ozizira muyezo wofanana, kamchere ndi masamba ouma a mint. Pomasula swaumu chakumwa chimenechi chingayende malonda.

Mphunzitsi wa ku Monkey Bay: Wamadzimadziyo muikeni m'nsalu yoyera yowiritsa, mupachike pozizira maola 4 kapena 5. Ameneyo ndiye mast-e chekideh, koma amachepa pafupifupi ndi theka, ndiye mtengo muwerengere pamenepo. Musalimbitse ndi jelatini, ogula achisilamu adzafunsa kumene wachokera. Mbewu muzipatula musanayambe kugulitsa, ndi supuni youma, ndipo mukaibwereza kasanu gulani yatsopano. Mukafuna kuika m'mabotolo olembedwa dzina lanu, yambani mwakaonana ndi a Malawi Bureau of Standards.