Mfuti yanga ya .22 LR yayamba kumwaza zipolopolo pa mamita 50: ndiyambire pati?

Chandamale22 analemba:

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene mwakhalitsa pa masewera owombera chandamale. Ndili ndi mfuti ya .22 LR (mtundu wa zipolopolo zing'onozing'ono) yotsekula ndi bolt (chitsulo chokoka ndi dzanja chimene chimalowetsa chipolopolo n'kutseka kumbuyo kwa mpope), ya mpope wonenepa, ndipo ndimawombera nditayitsamiritsa pa matumba a mchenga pa mtunda wa mamita 50. Kale zipolopolo zisanu zinkagwera pamodzi moti mabowo ake ankaphimbika ndi nsonga ya chala, koma miyezi yapitayi zayamba kubalalika mpaka masentimita 3, ndipo kawirikawiri zinayi zimagwirizana pamene chimodzi chimathawira pachokha, m'mwamba kapena m'munsi. Mtundu wa zipolopolo sindinasinthe, ndi zomwe zija zolemera magireni 40, ngakhale kuti bokosi ndi latsopano. Mpope ndimangoupukuta ndi kansalu ndikamaliza kuwombera. Kodi n'kutheka kuti mpopewo watha? Ndikufuna ndidziwe poyambira ndisanataye ndalama pa chinthu chimene mwina chilibe vuto.

Diso_la_Nkhwazi anayankha:

Bambo, mtima m'malo pa nkhani ya mpope. Chipolopolo cha .22 LR ndi cha mtovu wofewa, chopakidwa phula, ndipo wonga wake ndi wochepa, choncho mpope wosamalidwa bwino umawombera zipolopolo masauzande ambirimbiri usanafooke. Kutha kwa mpope muziike kumapeto kwenikweni kwa zinthu zokayikira.

Choyamba chotsani magazini (kabokosi kosungira zipolopolo), tsegulani bolt, muone ndi maso kuti mulibe chipolopolo. Mukatero yang'anani masikuluwu amene amamanga chitsulo cha mfuti ku thabwa lake. Thabwa limafufuma ndi chinyontho ndipo limanyala kukauma, motero sikuluwu imene inali yolimba chaka chatha ikhoza kukhala yakhwepa lero popanda wina kuikhudza. Amangeni ndi chomangira choyeza mphamvu, pa muyeso umene wopanga mfutiyo analemba, chifukwa kumanga mopitirira nako kumapinda zinthu. Kenako lowetsani kapepala pakati pa mpope ndi thabwa, mukayendetse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Ngati mfuti yanu ndi ya mpope woyandama (wopangidwa kuti usamakhudze thabwa), pepalalo lisakodwe paliponse, pakuti mpope umanjenjemera chipolopolo chikamadutsa, ndipo ukakhudza thabwa nthawi zina n'kusakhudza nthawi zina, chipolopolo chilichonse chimatuluka mlomo wa mpope utaloza kosiyana pang'ono.

Sikopu, galasi lolozera chandamale, nayo muiunike. Onani mphete zake ngati zili zolimba, kenako yesani parallax (kusuntha kwa mtanda wolozera pa chandamale diso likasuntha) motere: khazikani mfuti pa matumba osaigwira, yang'anani chandamale, ndipo sunthani mutu pang'ono uku ndi uku. Mtanda wa m'sikopu ukamayendayenda pa chandamale, ndiye kuti nthawi iliyonse imene tsaya lanu lakhala posiyana, mukuloza posiyananso. Masikopu ambiri opangira mfuti zazikulu amakonzedwa pa mayadi 100, ndipo pa mamita 50 vutoli limaoneka bwino.

Pempho langa lalikulu ndi lakuti musinthe chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndipo muziyesa ndi zipolopolo khumi osati zisanu, chifukwa zisanu zimatha kugwera pamodzi mwamwayi n'kukunamizani kuti vuto latha.

Mmisiri_wa_mfuti anayankha:

Ndikugwirizana ndi anzangawa, koma ine mawu amene andigwira ndi akuti mumangopukuta ndi kansalu. Kutsogolo kwa chamber (malo amene chipolopolo chimakhala chisanawombedwe), pamalo enieni pamene pamathera chigoba cha chipolopolo, pamaunjikana mwaye wosakanikirana ndi phula ndi mtovu, ndipo pakapita nthawi umauma n'kukhala mkombero wolimba umene kansalu kamangodutsa pamwamba pake. Mkombero umenewu umafinya ndi kukanda chipolopolo chisanalowe m'mizere ya mpope, ndipo poti mtovu ndi wofewa, chipolopolocho chimanyamuka chitapunduka kale. Chizindikiro chake chimodzi ndi chakuti bolt imayamba kulimba potseka. China ndi chakuti chipolopolo choyamba, mfuti ikakhala kwakanthawi osawombedwa, chimapita kutali ndi zinzake chifukwa mkomberowo umakhala wauma.

Ngati mungabwereke kakamera kounikira m'kati mwa mpope, mudzauona ngati lamba wakuda wozungulira. Pouchotsa, nyowetsani kansalu ndi mankhwala osungunula mwaye, kasiyeni pamalopo kwa mphindi zingapo, kenako zunguzani kabulashi pamenepo pokha. Ndodo yotsukira muziilowetsera kumbuyo, kudzera m'kapaipi koitsogolera, osati kumlomo. Mlomo wa mpope ndiwo umakhudza chipolopolo komaliza, ndipo ukangobenthuka mbali imodzi, mpweya wotentha umatulukira mbali imeneyo msanga n'kukankha tsinde la chipolopolo. Mukawombera zingapo, yang'anani mwaye umene umatsalira pamlomopo: pa mpope wabwino umajambula kanyenyezi kofanana mbali zonse.

Mukatsuka musaweruze mfuti nthawi yomweyo. Mpope woyera umafunika zipolopolo zingapo, ina khumi, ina zoposerapo, kuti phula liyalenso m'kati ndipo mfuti ikhazikike.

Kamphepo anayankha:

Ine ndikuona kuti bokosi latsopanolo lisanyozedwe. Zipolopolo za dzina limodzi zimapangidwa m'magulu osiyanasiyana, gulu lililonse ndi nambala yake pa bokosi, ndipo mfuti imodzi ikhoza kukonda gulu lina n'kukana linzake. N'chifukwa chake makampani opanga zipolopolo monga Eley ndi Lapua ali ndi malo oyesera, kumene owombera amapita ndi mfuti zawo kukasankha gulu loyenerana ndi mpope wawo. Pa mpikisano wa mamita 50 wa ISSF, bungwe la dziko lonse la masewera owombera, mkombero wa mapointi 10 ndi wa mamilimita 10.4 okha, choncho kusiyana kwakung'ono kumaluzitsa munthu. Onaninso liwiro lolembedwa pa bokosi: zipolopolo za mpikisano zimapangidwa kuti ziziyenda pang'onopang'ono kuposa phokoso, limene limayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi mpweya ukakhala pa madigiri 20. Mphepo yopingasa ya makilomita 16 pa ola imasuntha chipolopolo chotere ndi masentimita 2 kapena kuposerapo pa mtunda umenewu, ngakhale ndivomereze kuti mphepo imamwaza cham'mbali, pamene vuto lanu ndi la m'mwamba ndi m'munsi.

Chandamale22 anayankha:

Zikomo kwambiri nonse. Masikuluwu anali bwino, pepala linadutsa osakodwa, ndipo parallax ndinaikonza. Mkombero wa mwaye unalipodi, wakuda bii, ndipo utachoka bolt ikutseka mofewa komanso zipolopolo zayandikirana kwambiri. Chatsala n'chakuti mwa khumi, chimodzi kapena ziwiri zimagwerabe m'munsi, ndipo khutu langa likundiuza kuti zimenezo zimalira mofooka kuposa zinzake. Zikuchitika ndi bokosi lakale lomwe, limene ndinali nditasungako zochepa.

Mmisiri_wa_mfuti anayankha:

Bambo, khutu lanu likhulupirireni, pakuti zimene mwafotokozazi zikuloza ku kayakidwe ka wonga. Pa chipolopolo cha mtundu uwu, mankhwala oyatsira amakhala m'mphepete mwa tsinde la chigoba, ndipo firing pin (pini yomenya chigoba, imene ili m'kati mwa bolt) iyenera kuphwanya m'mphepetemo ndi mphamvu yofanana nthawi zonse. Ikamenya mofooka, wonga umayaka mosiyana, chipolopolo chimatuluka ndi liwiro lochepa, ndipo chimagwera m'munsi. Tolani zigoba zonse, muike padera za zipolopolo zogwera m'munsizo, ndipo muyerekeze zipsera zake pa kuwala kwabwino. Chipsera chosazama kapena chosiyana maonekedwe chingasonyeze vutoli.

Nthawi zambiri choyambitsa chimakhala mafuta akale amene auma m'kati mwa bolt n'kumachedwetsa piniyo, makamaka kukazizira. Phwasulani bolt motsatira buku la wopanga, tsukani ngalande imene pini imayendamo, ndipo mupakemo mafuta opepuka pang'ono chabe. Ngati sipuling'i yake yakhalitsa, isintheni, chifukwa si yodula. Yang'ananinso m'mphepete mwa chamber pamene pini imamenya: pa mfuti zina, kukoka trigger mulibe chigoba kumachititsa pini kugunda chitsulo n'kusiya kachibenthu kamene kamalepheretsa tsinde la chigoba kukhala bwino. Mukapeza kachibenthuko musakapale ndi tupa, pitani nayo kwa mmisiri amene ali ndi chida chobwezera chitsulocho m'malo mwake, ndipo mumupemphe ayezenso mpata wa pakati pa nkhope ya bolt ndi tsinde la chigoba. Ngati pali mnzanu amene ali ndi makina oyezera liwiro la zipolopolo, wombererani pamenepo musanatsuke bolt ndiponso mutatsuka, mulembe liwiro la chipolopolo chilichonse pamodzi ndi pamene chagwera, kenako mudzatiuze manambalawo.