Tikufuna kuyendako kaye ngati banja mwana asanapite kusukulu ku UK, tipatseni nzeru

Membala wobisa dzina:

Moni nonse. Ndabisa dzina coz achibale ambiri ali mgulu muno ndipo nkhaniyi sitinawauze onse. Ndine mayi wa ana awiri, timakhala ku Chilomoni. Wachisamba wathu, mtsikana, wapeza malo pa yunivesite ku Leeds ndipo akuyamba kumapeto kwa Seputembala. Fizi theka yalowa pa sikolashipu, theka linalo ndi ife, nde mukudziwa kale mmene zinthu zilili, tagulitsa poloti yomwe tinali nayo ku Chileka kuti zitheke.

Vuto langa ndi ili. Chibadwire cha anawa sitinayendeko tonse anayi kunja kwa Malawi, olo pa Tete pompa. Bambo ake amapita ku Joni pa za ntchito, ine ndinapitako kamodzi kukaoda katundu kalekale, koma ana ayi. Mwanayu akapita ndi zaka zitatu ndipo sindikudzinamiza kuti azibwera holide iliyonse, tikiti yake sitingaikwanitse. Ndikufuna masiku anayi kapena asanu oti tikhale tokha, opanda alendo, opanda maliro, opanda ine kukhala kukhitchini, ndimuone mwana wanga bwinobwino asanachoke. Bambo ake akuti ndalama imeneyo bola timupatse ya mthumba akayambire moyo, ndipo sindikuwatsutsa kwenikweni koma mtima wanga ukukana.

Taganizirapo zitatu. Kumuperekeza mpaka ku UK konko, kapena kupita ku Livingstone kukaona mathithi nkubwerera iye nkudzanyamukira pa Chileka, kapena tonse kupita ku Johannesburg masiku ochepa iye nkukwerera ndege pa OR Tambo ife nkumabwerera. Wamng'ono ali Standard 7 ndipo pasipoti alibe. Amene munachitapo zoterezi chonde tiuzeni, makamaka za nthawi yake, za viza ndi za forex. Zonyoza ayi chonde, ndili kale ndi maganizo ambiri.

Bambo wa ku Namiwawa:

Mayi choyamba zabwino zonse. Musanaganize za ulendo funsani kaye mwanayo kuti viza yake ili pati. Ku UK amafuna kuti ndalama ya fizi yotsala ndi ya upkeep ya miyezi 9 ikhale mu akaunti masiku 28 otsatizana osatsikako olo tsiku limodzi, ndipo sitetimentiyo isapose masiku 31 pomwe mukuapulaya. Nde mukatapako kuti mugule matikiti a holide mkati mwa masiku amenewo mwaononga zonse, muyambiranso kuwerenga. Wanga anapita chaka chatha, ndalama imeneyo tinaisiya ngati kulibe. Musaiwale TB test, ndi yokakamiza kwa ochokera ku Malawi, komanso ya chipatala ija amati IHS yomwe ndi mapaundi 776 pa chaka ndipo mumalipiriratu zaka zonse nthawi imodzi. Ambiri imeneyi imawadzidzimutsa. Mukachotsa zonsezi mpomwe muone chatsala cha ulendo.

Membala wobisa dzina:

Zikomo bambo. CAS, chikalata cha ku yunivesite chotsimikiza kuti amupatsa malo, yabwera sabata yatha, masiku 28 akukwana pakati pa Julayi. Za IHS tikuzidziwa koma sindinkadziwa kuti ndi zaka zonse pakamodzi, ndiwauza bambo ake madzulo ano.

Mayi wa ku Chigumula:

Sisi ine ndikuuzeni zoona, zomuperekeza mpaka ku UK zisiyeni. Aliyense wa inu afunika visitor visa yakeyake, ndipo akakukanani ndalama sabweza. Kenako matikiti atatu opita ndi kubwerera, kenako malo ogona poti ku hostel kwa mwana simungagoneko, zonsezo mu mapaundi. Ndipo sabata yoyambayo mwana amakhala bize ndi registration, kutsegula akaunti, kudziwana ndi anzake, inu muzingokhala mchipinda kumudikira. Ndalama imeneyo isungeni mudzapite pa graduation, pamenepo mpomwe pamakoma.

Mnyamata wa ku Zingwangwa:

Livingstone ndi boo koma onani mtunda amayi. Blantyre kukafika Lilongwe, kenako Mchinji kudutsa pa boda ya Mwami, Chipata, Lusaka, nde Lusaka to Livingstone ndi makilomita ena pafupifupi 480. Masiku awiri kupita awiri kubwera, pa masiku asanu anuwo mwatsala ndi limodzi. Komanso Seputembala madzi amakhala atachepa mbali ya Zambia, mathithi amakoma Epulo ndi Meyi mvula itangotha. Viza simufunika inde koma mutopa chabe.

Mayi wa ku Nyambadwe:

Ine ndikuvotera ya Joni ndipo ndikuuzani chifukwa chake poti ndi zomwe tinachita ife mwana wathu akupita. A Malawi timalowa ku South Africa opanda viza mpaka masiku 30, ndege zochoka pa Chileka kupita ku Johannesburg zilipo, Malawi Airlines ndi Airlink, maola awiri ndi pang'ono mwafika. Kuchoka pa OR Tambo pali ndege zopita ku London Heathrow osaima pena, British Airways ndi Virgin Atlantic, zimanyamuka madzulo nkufika mmawa, maola ngati 11. Kwa mwana woti sanakwerepo ndege zimathandiza kwambiri chifukwa ulendo woyambawo mumakwera naye limodzi, amaona mmene check in imayendera, za sikelo ya katundu, za ku immigration, nde tsiku lopita yekhalo sakhala ndi mantha ambiri.

China chomwe anthu sachiganizira ndi zovala. Ku Joni nyengo yozizira imatha mu Ogasiti nde mashopu amatsitsa majekete, mabuti ndi ma thermal pomwe mwana wanu akupita kokayamba kuzizira. Ife tinagula jekete lenileni ndi sutikesi ku Oriental Plaza ku Fordsburg, zina mma mall. Za kaunjika wa ku Limbe nzabwino ndithu, majuzi gulani konkuno, koma jekete loti lipirire mvula ndi mphepo ya kumpoto kwa England muone ku Joni.

Koma chomwe ndimakumbukira ine si shopping ayi. Tinapanga lendi ka apartment ka zipinda ziwiri koti tiziphika tokha, ndinanyamula ufa, usiku uliwonse timadya nsima tonse pansi pa kapeti nkumacheza mpaka 12. Mwana wanga anandiuza zinthu zomwe kunyumba sakanandiuza, zoti akuopa, zoti akuona ngati akalephera atikhumudwitsa poti tagulitsa zinthu chifukwa cha iye. Bambo ake anamuyankha okha mawu omwe sindinawamvepo akuyankhula. Kunyumba sabata yomaliza simungapeze mpata umenewo, pakhomo pamadzaza anthu odzatsanzika, a kumpingo, azakhali, aneba, mwana amangokhalira kugwada ndi kupereka moni.

Membala wobisa dzina:

Mayi mwandiliza. Ndi zomwezo ndikufunazo koma ndimalephera kuwafotokozera bambo ake. Ndiwaonetsa comment yanuyi. Munakhala dera liti, poti za umbava kumeneko timazimva?

Mayi wa ku Nyambadwe:

Tinakhala ku Rosebank, pali siteshoni ya Gautrain ndipo masana mumayenda wapansi bwinobwino. Kuchoka ku eyapoti sitimayo imakafika ku Sandton mphindi 15 zokha, mumasinthira pamenepo. Kwina konse Uber, osayenda usiku, foni osaionetsa pamsewu, mtauni mwenimweni mu CBD musapite ndi ana. Tsiku limodzi Soweto ku Vilakazi Street kunyumba ya Mandela, lina Gold Reef City chifukwa cha wamng'onoyo, Apartheid Museum ili pompo. Osadzaza pulogalamu, tsiku lomaliza lisiyeni lopanda kanthu.

Bambo wa ku Bangwe:

Ine ndiyankhula mosiyana ndi anzangawa, mundikhululukire. Forex ikuvuta mdziko muno, chigwetsereni kwacha ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu sizinabwerere. Dola iliyonse yomwe mungaipeze ku banki ndi ya mwanayo, miyezi itatu yoyamba kunja ndi yowawa, deposit ya nyumba, zofunda, mapoto, basi. Bwanji osapita ku Mangochi kapena Cape Maclear masiku anayi, mulipira makwacha, chambo adye chokwanira poti kumeneko akachisowa. Kukhala pamodzi mukukufunako sikufuna pasipoti. Ndipo musaiwale agogo ake kumudzi, mwana sangawoloke nyanja osakatsanzika.

Membala wobisa dzina:

Bambo simunalakwe, kwa agogo ku Thyolo tipita ndithu Ogasiti akamayamba, imeneyo siyokambirana. Za kunyanja ndaziganizira koma ndikudzidziwa, tikakhala mMalawi momwemuno foni siisiya kulira ndipo achibale ena atitsatira konko. Komanso tikiti ya mwanayu tigula basi kaya anyamukire kuti, nde chowonjezera ndi cha atatufe.

Mtsikana wa ku Leeds:

Aunty ine ndili konkuno chaka chachiwiri. Viza ya student imalola kulowa mwezi umodzi course isanayambe koma asafulumire kwambiri, aone tsiku lomwe accommodation yake ikutsegulidwa apo ayi alipira hotelo. Afike masiku awiri kapena atatu welcome week isanayambe. Akatsikira ku Heathrow pali coach ya National Express yofika ku Leeds, kapena sitima kuchoka ku King's Cross maola awiri ndi pang'ono koma ndi masutikesi awiri coach ndi yosavuta. Muyerekezenso mtengo ndi Ethiopian yodzera ku Addis kukatsikira ku Manchester, ndi pafupi ndi kuno. Nyama ndi zamkaka asanyamule amalanda. Ndipo chonde musagule tikiti iliyonse viza isanatuluke, amati masabata atatu koma nthawi ya Ogasiti ofunsira amachuluka.

Mayi wa ku Machinjiri:

Pasipoti ya wamng'onoyo yambani mawa lomwe osadikira Julayi, ndipo munyamule birth certificate yake olo asakufunseni. Mukafuna kupulumutsa ndalama pitani pa ndege nonse koma pobwerera atatunu mukwere basi, imadzera Beitbridge, Harare, Nyamapanda, Tete nkulowera pa Mwanza. Ndi tsiku lathunthu ndi usiku, nthawi zina kuposa ngati pa boda pali mzere. Kungoti sukulu zimatsegulira mu Seputembala momwemo nde muwerenge bwino masiku, mwana wa Standard 8 asajombe sabata yoyamba.

Membala wobisa dzina:

Zikomo nonse, ndawerenga comment iliyonse. Takhala pansi ndi bambo ake usiku wapitawu ndipo avomera za Johannesburg, masiku anayi, pokhapokha viza itatuluka ndipo ndalama ya miyezi itatu yoyamba ya mwana tayiika padera osaikhudza. Zikapanda kukwana tipita ku Mangochi ndipo mafoni tikazimitsa. Mafomu a pasipoti ya wamng'ono ndikatenga Lolemba. Mayi a ku Nyambadwe ndakulemberani ku inbox za apartment ija, ndipo mwana wanga wa ku Leeds iwe, ndingamupatse nambala yako mnzakoyu kuti akafika akakhale ndi woti amulandire?