Chofunda cha zigamba chikuchita makwinya, thandizeni

Anzanga osoka, ndigawireniko nzeru. Nsalu yapamwamba ya chofunda cha zigamba za chitenje yatha: mabokosi 48 a masentimita 20, misoko ya mamilimita 6, yonse yositidwa mbali imodzi. Vuto lili pophatikiza nsalu zitatu: yapamwambayi, yofewa yapakati ndi yapansi. Mapini ali motalikirana masentimita 10 kuyambira pakati, koma makwinya akubwerabe, poti mano a makina amakoka nsalu yapansi msanga kuposa yapamwamba. Ndichepetse kukanikiza kwa phazi la makina lopondereza nsalu, kapena ndiyambe ndagwiriza ndi ulusi pamanja?

Chotsatira chidzakhala cha zigamba za makona atatu, zomwe zimatamuka mbali yodulidwa mopingasa. Mumazilimbitsa ndi sitachi musanadule? Nanga chitenje chofiira, chochucha utoto chija, mumachichapa kangati chisanakumane ndi nsalu yoyera?